Fodya Amene Anakana Kupsa

Pali chinthu chimene ndinachisunga m'mimba nyengo yonse ya fodya osauza munthu, ngakhale mayi anga ondibala. Bambo anga, a Simioni, anali atayamba kusaona bwino. Sikuti anachita khungu ayi. Njira ankaiona, khasu ankaliona, ine ankandizindikira ndikadali patali ndithu. Koma mitundu ya zinthu inali itawasokonekera. Chilichonse kwa iwo chinkaoneka chachikasu, ngati munthu akuyang'ana kudzera m'botolo la mafuta ophikira. Ine ndinadziwa. Iwo sanadziwe, kapena ankadziwa koma sankafuna kuti zimveke. Tsono m'munda wa fodya, mtundu wa tsamba ndiwo umauza mlimi chochita.

Ine ndine Elina. Chaka chimenecho ndinali nditangolemba mayeso a Sitandade 8, ndipo dzina langa silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale. Sindinadabwe. M'kalasi ndinali wa kumbuyo, kufupi ndi khoma, woti yankho ndikulidziwa koma dzanja likukana kukwera. Aphunzitsi akandiloza, mawu ankathera pakhosi. Kunyumba ankanditama kuti ndine mwana waulemu. Sankadziwa kuti ulemu wina ndi mantha chabe.

Kwathu ndi kunyanja, kufupi ndi Makokola. Bambo anali siginala, munthu uja amakhala yekha m'bwato la nyali n'kumauza anzake poponya khoka. Anthu ankati a Simioni amaona usipa pamene ena akuona madzi okhaokha. Ndiye tsiku lina anangosiya. Anatiuza kuti ayambana ndi mwini khoka, ndipo palibe amene anafunsa zambiri. Patapita miyezi kunabwera lole yofuna matenanti, anthu okalima fodya pa esiteti ina ya ku Katuli, ndipo bambo analembetsa. Mayi, a Keti, anatsala ndi azing'ono anga akuwamba nsomba. Ine ananditenga kuti ndizikaphika ndi kuthandiza kumunda.

Kapitawo wa pa esitetipo anali a Gilford, munthu wa ku Ntcheu, wamtali, woyenda pa njinga yakuda. Tsiku limene anationetsa malo athu sanazungulire.

"A Simioni, mundawu ukuyambira kumtsinje uko mpaka pachulu apo. Mukalima fodya wabwino chaka chino, malowa ndi anu, mudzakatenge mayi ndi ana. Mukalephera, lole yomwe yakubweretsani ikuidziwa njira yobwerera."

Bambo anavula chipewa n'kuthokoza. Ine ndinayang'ana pansi. Kunyanja kunalibenso chobwerera, izi tonse tinkazidziwa.

Munda wathu unali wotsetsereka, mbali ya kumunsi pafupi ndi mtsinje, mbali ya kumtunda youma ndi yamiyala pang'ono. Oyandikana nafe anali Che Sefu, Myao wa komweko, wolima fodya kuyambira ali mnyamata. Anali munthu wanthabwala, wokonda kuseka ndi mimba yonse. Mwana wawo Ajira anali wa msinkhu wanga, ndipo anandilandira ngati tinabadwira nyumba imodzi.

Anyamata a pa esitetipo atamva kuti kwabwera msodzi, anapeza choseweretsa. Sabata yoyamba anauza bambo kuti tenanti aliyense amayenera kukatenga kiyi wa chigafa chake kwa kapitawo. Bambo anavala malaya abwino n'kupita. Chonsecho chigafa, shedi youmitsiramo fodya ija, ndi mitengo ndi denga la udzu basi, chilibe khoma ngakhale chitseko. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Bambo anabwerako chimanjamanja, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene tenanti mnzawo angawauze ankachiyesa chipongwe.

Pa nazale ndi pamene anaonetsa kuti nawonso ndi munthu. Fodya amafesedwa mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mbande zimakhala moyo ndi madzi othirira okha. Za madzi bambo sankafuna mphunzitsi. Ankatsika kumtsinje ndi makeni awiri, kukwera, kutsika, osapuma, m'mawa ndi madzulo. Mbande zathu zinamera mothithikana ngati ubweya. Ngakhale Che Sefu anaima n'kugwedeza mutu.

"Walahi, a Siginala, madzi amakumverani. Mwawauza chiyani?"

"Ndi abale anga," anatero bambo, osaseka, koma ndinaona kuti zawakomera.

Masiku omwewo ndi pamene ndinayamba kuona zinazo. Ndinali ndi bulauzi yoyera ya kusukulu imene ndinkavala Lamlungu. Ndinaichapa bwinobwino, inayera mbee, koma bambo atayiona pachingwe anakwiya.

"Sopo ndinakugulira uja wapita kuti? Chovala chofiirira chonchi ukalowa nacho m'tchalitchi?"

Ndinaichapanso. Tsiku lina anati ufa woyera umene ndinakonola ndekha ndi wa chimanga chachikasu. Lina ku msika wa Katuli, anyamata a malaya ofiira atatiimitsa pakhomo kuti tionetse makhadi a chipani, bambo anatulutsa la chaka chatha, losiyana mtundu ndi latsopano, n'kulitambasula molimba mtima. Ndinalitsomphola msanga, n'kusolola latsopano m'thumba la malaya awo. Anyamatawo anatilola kulowa. Bambo sanandifunse chifukwa chake, ine sindinanene. Pobwerera dzuwa linawawomba kumaso, ndipo ndinaona pakati pa diso lililonse kamtambo kotuwa, ngati diso la chambo chimene chagona.

Apo ndi pamene ndinamvetsa kuti kunyanja kuja sanayambane ndi munthu.

Mvula itagwa tinawokera. Tinathira feteleza woyamba, kenaka wachiwiri, monga mwa muyezo wa pa esiteti. Ntchito yake ndi ya anthu awiri. Wina amabaya kadzenje ndi kamtengo pambali pa mbewu, wina amathira kakapu n'kukwirira ndi phazi. A Gilford anaimika njinga pamzere n'kutiuza mokweza kuti ndi oyandikana nafe amve.

"Kakapu kamodzi, osati kawiri. Fodya sali ngati chimanga. Amafuna kudya ali mwana, koma chakudyacho chimuthere akamakalamba. Akamadya mpaka mapeto, sapsa. Muziyang'ana tsamba. Likachita chikasu lili laling'ono, imeneyo ndi njala. Likachita chikasu litakula, ndiye kuti lapsa, thyolani."

Mawu amenewo bambo anawasunga onse, osataya ndi limodzi lomwe. Vuto silinali makutu awo.

Mu Januwale mvula inadula. Kunachita ng'amba, nthaka inalimba, masana masamba ankagwetsa makutu koma m'mawa ankadzukanso. Matenanti onse ankangoti tidikire, fodya safa msanga. M'mawa wina bambo anaima pakati pa munda manja ali m'chiuno.

"Elina, tabwera. Fodyayu wachita chikasu."

Ndinayang'ana. Anali wobiriwira, mtundu wake weniweni, wofanana ndi wa Che Sefu kutsidya kwa malire.

"Ukuona bwanji iwe?"

Yankho ndinali nalo, monga m'kalasi muja. Kusukulu tinaphunzira kuti chimene chimabiriwitsa tsamba ndi nayitrojeni, ndi kuti akachepa mbewu imafooka, akachuluka imangochita masamba osakhwima. Ndinalemba zimenezo pa mayeso. Koma apa sinali nkhani ya feteleza. Kuti ndinene kuti fodya ndi wobiriwira, ndinayenera kunenanso chifukwa chimene iwo akumuonera wachikasu.

"Monga mwaneneramo, bambo," ndinatero.

Matenanti ambiri amabisa feteleza wa fodya kuti akathire chimanga chawo. Bambo anachita zosemphana. Tinali ndi salufeti pang'ono, feteleza wonga shuga uja, amene tinasungira kachimanga kathu ka kuseri kwa nyumba. Anamutenga yense kupita naye ku fodya. Ndipo poti nthaka youma siisungunula feteleza, anati tizithirira. Tinayambira kumunsi, kufupi ndi mtsinje. Ine kubaya, iwo kuthira kakapu, kenaka tonse kumakeni. Phata lililonse linamwa. Mapewa anga anasupuka, nkhata inandidya tsitsi pakati pamutu.

Che Sefu anatipeza tili pakati pa ntchitoyo. Anaima pamalire akutafuna nzimbe.

"A Siginala, mukutani kodi? Mvula yadula kwa tonse, koma kwa inu kukugwa ya m'keni?"

"Ndikudyetsa wanjala."

"Wanjala uti? Uyu? Achimwene, fodya uyu wakhuta kuposa ine pa Idi. Mukamuonjezera adzanenepa ngati bwana wa ku Limbe, ndipo bwana sagwira ntchito."

"Kiyi wa chigafa ndinatenga kale, Che Sefu. Pitani mukanamize ena."

Che Sefu anasiya kutafuna. "Za kiyi zija anali ana. Ine ndikunena zoona. Madzi okha thirani ngati msana ukulola, amathandiza. Koma mchere wanuwo usiyeni." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe mwali wa sukulu, tawauza bambo ako. Tsamba ili ndi lotani?"

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinawerama n'kuyamba kukonza nkhata yanga imene sinali yomasuka n'komwe. Che Sefu anadikira, kenaka anataya khoko la nzimbe n'kumapita.

Salufeti wathu atatha, bambo anapeza njira ina. Mayi ankatitumizira usipa wouma pa lole ya esiteti ikapita ku boma. Kumapiri kuno usipa ndi chuma. Bambo anayamba kusinthanitsa ndi matenanti, mbale ya usipa ku mbale ya feteleza. Ife tinkadyera masamba a maungu ndi a chinangwa. Mbali yonse ya kumunsi inadya kachitatu, ndipo mizere ina kachinayi.

Ndinene zoona, fodyayo anakula mochititsa mantha. Pamene wa anthu ena anali ataima kudikira mvula, wathu wa kumunsi ankakwera tsiku ndi tsiku. Anandipitirira msinkhu. Masamba ake anali ngati a nthochi, okhuthala, obiriwira mpaka kuda, ukawagwira ankamata m'manja. Amayi opita kumtsinje ankatula ndowa n'kumaonerera. Anyamata aja a kiyi anasiya kuseka. Ndipo bambo, amene chichokere kunyanja anali asanaimbepo, anayamba kuimba mluzu nyimbo zopalasira bwato. Madzulo ankakhala pakhonde akupukuta nyali yawo yopopa, chinthu chokhacho cha usodzi chimene anabwera nacho, n'kumandiuza pamene adzamange chipinda cha azing'ono anga.

Munthu akuimba mluzu koyamba patapita nthawi yaitali chonchi, umayambira pati kumuuza?

Tsiku lina tikuchapa kumtsinje ndinatsala pang'ono kuuza Ajira. Iye anayamba yekha.

"Abale, bambo akowo ndi ouma mutu ngati mphasa ya chaka chatha. Baba akuti fodya uja ndi wokongola ngati mkwatibwi waulesi. Kodi iwe sungawauze?"

"Sandimvera."

"Wayesapo? Iwetu pakamwa pako pamafunika kiyi weniweni." Anaseka, n'kundiwaza madzi. Kenaka anati, "Koma usawakwiyitse, ali ndi mphamvu, ndiye mwayi wanu. Amalume anga atangoyamba kudwala chifuwa, kapitawo anawachotsa fodya ali m'munda. Pano safuna munthu woperewera chiwalo."

Mawu amene anali atafika pamilomo ndinawameza. Ndinapitiriza kumenya chitenje pamwala mpaka Ajira anandifunsa ngati chandilakwira.

Mvula inabweranso mu Febuluwale, yambiri, yosakata. Tinathena fodya yense, kudula nsonga kuti mphamvu ipite kumasamba. Wa kumunsi anangoti walandira uthenga wabwino. Mphukira zinkatuluka lero, tikazichotsa mawa zatulukanso. Masamba ake sanasinthe mtundu ngakhale pang'ono. Koma wa kumtunda, amene makeni athu sanamufikire ndipo anadya muyezo wa kapitawo wokha, anali wamfupi, masamba ake apakatikati, ndipo a pansi anayamba kuyezuka pang'onopang'ono, msana wa tsamba ukuyera. Anali kupsa, mofanana ndi wa Che Sefu.

Bambo anaona zonsezi mozondoka. Wa kumunsi, poti kwa iwo anali wachikasu ndiponso wamkulu, anati wapsa. Wa kumtunda, poti anali wachikasu kwambiri ndiponso wochepa, anati akufa ndi njala.

Tinathyola wa kumunsi. Tsamba lakupsa limathyoka lokha, limangoti thwa. Awa ankakanirira, ankang'ambika ndi khungu la phesi. Tinawasoka m'timitolo totchedwa michira, tinapachika pa mikangala, timitengo topingasa m'chigafa. Posoka ndinkaona bambo akuphonya pobaya singano, ndipo ndinkawatengera masamba mwakachetechete ngati ndikungofuna kufulumira.

Fodya wabwino akapachikidwa amafota, amachita chikasu, kenaka amafiirira ngati uchi, ndipo chigafa chimanunkhira. M'chigafa cha Che Sefu zinali choncho. M'chathu masamba anakana kuuma. Anali odzaza madzi. Anayamba kuchita thukuta, kuda m'mitsempha, kumatana. Patapita masiku, fungo lake linali la ndiwo zovunda, ndipo ukagwira mchira, masamba ankapululuka n'kugwa pansi ngati nsanza zonyowa. Ochepa amene anauma anauma obiriwira, olimba ngati chikopa.

A Gilford analimva fungolo ali panjira. Anatsamiritsa njinga pamtengo, analowa m'chigafa, anatola tsamba limodzi n'kulifinya. Madzi akuda anatsika m'zala zawo.

"A Simioni, munathira chiyani?"

"Ndinadyetsa wanjala, bwana. Apa chalakwa ndi chinyezi. Denga ili..."

"Denga lilibe mlandu. Uyu ndi fodya wokhuta, wothyoledwa wosapsa. Uyu ku okushoni sangafike, ngakhale wopotera ndudu pakhomo sangamufune." Anapukuta dzanja pa udzu. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anayenda mpaka kumtunda, ife tikutsatira, anayang'ana mizere ija nthawi yaitali. "Uyu ndiye fodya. Ndi wochepa, koma ndi fodya. Mukamusamala uyu, ndidzakhala ndi choonetsa kwa eni ake, ndidzati munthuyu ndi chaka choyamba, nazale amaitha, mpatseninso mpata. Koma mukamuononganso uyu, musadzandipatse moni wa chisoni. Musamuthire kanthu. Mwamva? Ngakhale phulusa."

"Ndamva, bwana."

Njinga itazimirira, bambo analavula pansi.

"Wamuona? Akufuna malo ano apatse mlamu wake. Fodya akufa ndi njala, iye akuti musamuthire kanthu. Onsewa ndi amodzi." Anatembenukira kwa ine. "Maso angawa aona usipa pansi pa madzi, Elina, pamene amuna anzanga akuona mdima. Angalephere kuona tsamba lili pamphuno panga?"

Ndinapita kukatola nkhuni zimene tinali nazo kale.

Tsiku lotsatira linali Lachisanu. Che Sefu ndi anzawo anali ku mzikiti, minda inali zii. Bambo anachoka osanena kumene akupita, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka atasenza kathumba pamapewa. Anakaika kuseri kwa chitseko. Sindinafunikire kukatsegula kuti ndidziwe kuti ndi feteleza. Usipa unali utatha kale, ndiye ndinadabwa kuti asinthanitsa ndi chiyani. Nditakweza maso ndinaona msomali wa pakhoma uli wokha. Nyali ija panalibe.

Ndinaphika, tinadya. Ndinaganiza zobisa thumbalo, kapena kulitaya kumtsinje, kapena kusakaniza ndi mchenga. Koma ndinadziwa kuti akanapeza lina, akanagulitsa ngakhale malaya. Ndinaganiza zothamangira kwa Che Sefu kuti adzawaletse, koma Che Sefu anali atanena kale, kapitawo anali atanena kale. Onsewo ankauza bambo za tsamba. Panalibe amene akanawauza za maso, chifukwa panalibe wina amene ankadziwa. Ndipo akanadziwa wina, mawa lake esiteti yonse ikanadziwa.

M'mawa kunacha ndi mitambo yolemera kumapiri a ku malire a dziko.

"Lero sitisenza madzi," anatero bambo, akumanga thumba. "Mvula itithirira yokha. Tenga kamtengo."

Ndinatenga. Tinadutsa chigafa chonunkha chija, tinadutsa fodya wa kumunsi ataima bii ngati nkhalango, tinakwera mpaka pachulu. Mame anali asanaume. Masamba a kumtunda anali atagona bwino, a pansi otuwira chikasu, a pamwamba obiriwira mopepuka. Anali okongola moti ndinamva chisoni ngati ndikuyang'ana mbuzi imene ikupita kokaphedwa.

Bambo anatula thumba, anamasula, anatunga kakapu n'kukasalaza ndi chala monga anatiphunzitsira a Gilford. Anaima pa phata loyamba.

"Baya."

Ndinaika nsonga ya kamtengo pansi. Manja anakana.

"Elina, baya, mvula itipeza."

Ndinaganiza za mayi ali pa utsi wa nsomba, akuuza azing'ono anga kuti chaka chamawa tidzakhala tonse. Ndinaganiza za lole.

"Bambo," ndinatero. Mawuwo anatuluka aang'ono, moti ndinayesa sanamve.

"N'chiyani?"

"Fodyayu alibe njala."

Anapumira m'mwamba. "Nawenso? Akutuma a Sefu?"

"Sananditume munthu."

"Ndiye ukudziwa chiyani iwe za fodya? Taona tsambali. Taliona!"

"Ndikuliona, bambo." Misozi inali itayamba, koma ndinadziwa kuti ndikaima apa sindidzayambanso. Ndinagwada pamzere pomwepo, m'matope, monga ndimachitira powapatsa madzi osamba m'manja. "Bulauzi yanga ija inali yoyera. Ufa uja unali woyera. Khadi lija linali la chaka chatha. Wa kumunsi uja sanachitepo chikasu ngakhale tsiku limodzi, anali wobiriwira pamene tinkamuthira, anali wobiriwira pamene tinkamuthyola. Munandifunsa, ine ndinaopa. Chikasucho sichili pa fodya, bambo. Chili m'maso mwanu. Mwachita ng'ala."

Kutali kumapiri kunagunda bingu. Ndinkayang'ana mapazi awo, ming'alu ya ku zidendene, ndikudikira mbama, ngakhale anali asanandimenyepo chibadwire.

Kakapu kaja kanali kadakali m'dzanja lawo. Ndinakaona kakupendekeka pang'onopang'ono, koma osati pa phata la fodya. Anakakhuthulira m'thumba momwe kanachokera.

"Wauza yani?" anafunsa. Mawu awo anali a munthu wina, wokalamba.

"Palibe. Ngakhale mayi."

"Unadziwa liti?"

"Pa nazale."

Anakhala pansi pachulu, manja ali pa maondo. Anayang'ana kumunsi, ku fodya wamtali uja, nthawi yaitali, akuphethira ngati munthu amene walowa utsi m'maso.

"Kunyanja kuja," anatero, "ndinaponyetsa anthu khoka pa madzi opanda kanthu. Kawirikawiri. Ndinkati ndi nyali yafooka."

Madontho oyamba anayamba kugwa pa masamba, apa ndi apo. Bambo anatambasula dzanja, anagwira tsamba la pansi pa phata limene linali pafupi nawo. Analisisita ndi chala chachikulu, kutsogolo ndi kuseri, ngati akuyesa ulusi wa khoka. Sanandiyang'ane.

"Dzuka m'matopemo, mayi. Tabwera kuno. Ili ndi lotani? Unene mokweza, ndimve."

Ndinadzuka, ndinapukuta kumaso ndi chitenje, ndinaliyang'anitsitsa tsambalo kuti ndisawanamize kachiwiri.

"Layezuka, bambo, msana wake wayera. Lapsa. Mangani thumbalo, tiyeni tithyole."